Zipangizo za mufilimu ya nkhani ya 1993, ndizipeze kuti?

Akuluakulu ndi anzanga opanga mafilimu, ndithandizeni nzeru. Tikukonza kafilimu kakafupi ka banja la kumudzi, nkhani yake ikuchitika masiku oyandikira referendamu ya pa 14 Juni 1993. Zovala tapeza kale pa kaunjika. Chatizunguza mutu ndi katundu wa m'nyumba.

Chachikulu ndi nyali yagalasi. Paja ofuna matipate chizindikiro chawo chinali nyali, a chipani chimodzi tambala wakuda. Ndiye ndikufuna bambo wa m'nkhaniyo azingopukuta galasi la nyali mwakachetechete, osayankhula za ndale, woonera amve yekha komwe mtima wake uli. Vuto ndi loti nyali yomwe tinagula ikunyezimira, pa kamera ikuoneka kuti yachoka m'sitolo dzulodzulo. Kodi mumaikalambitsa bwanji? Tinayesa kuipaka phulusa, koma likuyoyoka, ndiye mbali yomwe tajambula m'mawa sikufanana ndi yamadzulo.

Tikufunanso wailesi ya Nzeru, ngakhale yakufa, poti mawu tidzaikamo pa kompyuta. Komanso khadi la chipani ndi ndalama zapepala zankhope ya Kamuzu. Apa ndiye takangana ndi mnzanga wojambula: iye akuti tingosindikiza zofanizira, ine ndikuona kuti kamera ikayandikira, agogo athu adzatigwira bodza nthawi yomweyo.

Amene munabwerekapo zinthu zotere kwa anthu akumudzi, munkagwirizana bwanji zikasweka? Tili ku Zomba, koma Blantyre tikhoza kufika.