Kukagwira ntchito yongodzipereka kunja: ndiyambire pati?

Mphunzitsi wa ku Kamwendo:
Ndaphunzitsa pasukulu ya pulayimale kuno ku Mchinji kwa zaka zinayi, ndipo ndikufuna kukadzipereka pa ntchito za maphunziro kunja kwa dziko lino. Munthu wina pa WhatsApp akuti ndimutumizire ndalama kuti andipezere malo. Kodi zimayenda choncho?

Mayi a ku Mkanda:
Aphunzitsi, musatumize ngakhale tambala. Bungwe la United Nations Volunteers, lomwe likulu lake lili ku Bonn m'dziko la Germany, sililipiritsa munthu polembetsa. Mumalemba nokha mbiri yanu pa intaneti, ndipo amene asankhidwa amalandira ndalama yothandizira pa chakudya ndi pogona, osati malipiro. Mchimwene wanga anagulitsa matumba a mtedza kulipira munthu wotereyu, foni ija sinayankhidwenso.

Bambo a ku Kapiri:
Kunja si ku Ulaya kokha. Mzinda wa Chipata ku Zambia uli pafupi, mukangodutsa pa chipata cha Mwami, ndipo ana akumeneko amamva chilankhulo chathu. Konzani pasipoti ndi kalata ya ahedi anu, komanso funsani za chilolezo chogwirira ntchito ku Zambia musananyamuke.

Mphunzitsi wa ku Kamwendo:
Zikomo kwambiri, ndiyamba ndi pasipotiyo.