PhD ya programming languages ndi chinsinsi cha deta: poyambira ndi pati?

wofunsa_23: Akuluakulu, munthu amene wamaliza digiri yoyamba ya kompyuta ndipo akufuna kuchita kafukufuku wa programming languages wokhudza kuteteza chinsinsi cha deta, ayambire pati? Masamu kaye kapena khodi?

lambda_m: Masamu kaye, koma si ochuluka monga anthu amaopera: logic, probability ndi type systems. Malizani voliyumu yoyamba ya mabuku a Software Foundations mu Coq, pulogalamu yolembera ndi kutsimikizira umboni wa masamu imene pano ikutchedwa Rocq, osadumpha mafunso oyeserera. Kenako werengani pepala la 2006 la Dwork, McSherry, Nissim ndi Smith la differential privacy, njira yoyankhira mafunso pa deta popanda kuulula za munthu mmodzi payekha. Taonani: funso loti "odwala matenda akutiakuti ndi angati" yankho lake limasintha ndi 1 basi mukachotsa munthu mmodzi, ndiye mumathirapo phokoso (nambala yamwayi yowonjezera pa yankho) la Laplace la sikelo 1/epsilon, pomwe epsilon ndi muyeso wa chinsinsi chimene mwalola kuti chitayike. Mafunso awiri a epsilon 0.5 lililonse amadya 1 pamodzi. Ntchito ya munthu wa PL (programming languages) ndi kupanga chilankhulo chimene chimawerengera chokha zimenezi. Chilankhulo cha Fuzz cha Reed ndi Pierce, cha 2010, chimatero ndi linear types, zimene zimalondola kuti deta yagwiritsidwa ntchito kangati.

nambalazoyandama: Ndiwonjezere pamene zinthu zimaphwasuka, poti mitu ya kafukufuku ili pomwepo. Umboni wa papepala umayenda ndi manambala enieni, koma kompyuta ili ndi floating point, manambala ongoyandikira osungidwa m'ma bit owerengeka. Mu 2012 Ilya Mironov anasonyeza kuti phokoso la Laplace lopangidwa mwachizolowezi limasiya mipata m'ma bit otsiriza, moti wochenjera atha kuzindikira yankho lenileni. Sparse vector technique, njira yoyankhira mafunso ambiri mosawononga epsilon yambiri, nayonso: mitundu yake ingapo inasindikizidwa koma pambuyo pake inapezeka kuti siteteza monga ankanenera. Nchifukwa chake panabwera zida zotsimikizira kuti pulogalamu ikutetezadi chinsinsi, ngati LightDP mu 2017.

wofunsa_23: Zikomo kwambiri. Nanga mapepala amatumizidwa kuti?

lambda_m: Kumisonkhano, osati kumajenale kwenikweni: POPL, PLDI, ICFP, OOPSLA, ndipo mbali ya chitetezo CCS, CSF, USENIX Security. Chenjerani ndi pepala logwera pakati. A PL amafuna soundness theorem yotsimikizidwa, umboni woti pulogalamu iliyonse imene chilankhulo chanu chavomereza imatetezadi. Achitetezo amafuna kuona chiwembu chenicheni ndi deta yeniyeni. Sankhani gulu limodzi musanalembe ndime yoyamba. Ku America PhD imatenga zaka 5 kapena 6, ndiye yang'anani kwambiri mphunzitsi wokuyang'anirani kuposa dzina la yunivesite. Funsani ophunzira ake kuti amakumana nawo kangati pamwezi.