Mjigo wa kusukulu: tilipirenso mankhwala a m'matope?

Mlembi: Abale, makotesheni awiri a okumba mjigo afika. Wodula uja walembamo bentonite, polima (mankhwala olimbitsa matope okumbira) ndi mankhwala otereretsa. Wotchipa sanatchule zimenezo. Tigwirizane msanga, mvula ikagwa galimoto yokumbira siyenda mumsewu wa ku East Bank.

Msungichuma: Mankhwala a chiyani pokumba dzenje? Madzi alipo, dothi lilipo. Ndalamazi tasonkha movutika, anthuni.

Malume a ku Nchalo: Mayi Msungichuma, pepani, nthaka yathu si ya ku Thyolo. Kumapiri amaswa mwala ndi mpweya wa kompuresa. Kuno kuchigwa ndi mchenga umene Shire ndi Ruo anasiya, mukangoboola dzenje limagumuka. N'chifukwa chake amakumba maenje pambali n'kusungunula bentonite, dongo lija lofufuma likanyowa. Matopewo amawapopera m'mapaipi, amatulukira pansi n'kukwera ndi mchenga, uku akumata khoma la dzenje. Otereretsawo ndi oti chitsulo chisakhulane ndi nthaka. Akasowa, makina amanjenjemera mpaka m'mapazi mwa oonerera, paipi kugwira, kumasuka, kugwiranso, mapeto ake kudukira pansi. Ikaduka amasamuka kukayamba dzenje lina, ndipo mudzamva akuti muonjezere dizilo.

Mphwanu wa ku Joni: Nanga wotchipayo amatereretsa ndi chiyani, Malume?

Malume a ku Nchalo: Funso ndi limenelo, mphwanga. Ndinaonapo wina akukhuthulira oyilo wakutha wa injini m'dzenje la matope. Mjigo utatha, madzi ankayandama mafuta m'ndowa, fungo la galaja. Amayi anabwerera kumtsinje kwa ng'ona.

Aphunzitsi: Malume anena zoona, koma wodulanso tisamukhulupirire chifukwa cha mtengo. Bentonite akachuluka amatseka njira za madzi, mjigo n'kumatulutsa pang'ono. Polima wina amatha yekha pakapita masiku, ameneyo ndiye wabwino pofika pa madzi. Alembe kuti ataika mapaipi a PVC ndi timiyala adzatsuka dzenje mpaka madzi ayere mbee. Komanso inu mukukangana za kuterera, ine nkhawa yanga ndi mchere. Mijigo ingati mbali ya Ngabu imene anthu amangochapira? Madzi akayezedwe kaye tisanaike pampu ya Afridev.

Gogo wa ku Bangula: Ndipo simenti ya pamwamba ikwere. Mwaiwala namondwe Freddy mu 2023? Mijigo inamira, matope kulowa.

Msungichuma: Zonsezo ndi ndalama, agogo. Chabwino, ndamva. Koma sindisaina cheke ndisanaone matumba ndi zigubu za mankhwalawo, zolembedwa kuti n'zololedwa pa madzi akumwa. Ndipo theka la ndalama lidzatuluka madzi akayezedwa.

Mphwanu wa ku Joni: Wotchipayo mwamufunsa koma? Mwina anangoiwala kulemba.

Mlembi: Ndamuimbira, akuti "timadziwa ife zochita". Ndamuuza ayankhe polemba pofika Lachisanu. Malume, tsiku losakaniza matope mudzakhalepo, thiransipoti gulu lilipira.

Malume a ku Nchalo: Ndidzabwera, bola lisakhale Lamlungu.