I Saw the Devil pa Blu-ray: ndigule kapena ayi?

Mphatso_LL: Wina akugulitsa Blu-ray ya I Saw the Devil, filimu ija ya ku Korea ya Kim Jee-woon ya 2010, pa K38,000. Ndigule, kapena ndi magazi okhaokha?

Chikoti77: Akudyerani masuku pamutu. Chikuto amalemba Blu-ray, mkati muli DVD yowotcha, ma subtitle amabwera munthu atamaliza kale kulankhula. Tembenuzani disc muone pansi: yowotcha imaonetsa mzere pomwe anasiyira kuwotcha. Akuba amenewa.

BwanaRegionB: K38,000 ndi yotchipa kwambiri, yeniyeni sitsika K60,000. Yanga ndi ya ku UK, Region B (Region ndi loko ya chigawo chomwe disc imasewera). Mukagula ya ku America, ya Region A, player yochokera ku Joni siiwerenga. Ndipo ku Korea a censor anaikana kawiri mpaka anadulako zina, ndiye funsani ngati ndi yodulidwa kapena yathunthu.

Nachisale: Gulani achimwene, koma musayembekezere kuombera m'manja. Poyamba mtima umakhala kwa Soo-hyun, yemwe akuseweredwa ndi Lee Byung-hun uja, chifukwa chigawenga Kyung-chul wamuphera chibwenzi chake chili ndi pakati. Zimasintha atamugwira. Samupha, sampereka kupolisi. Amamumezetsa kachipangizo komulondolera n'kumusiya, kuti adzamugwirenso n'kumudula mtsempha wa kuchidendene. Nthawi iliyonse akamumasula, wolipira ndi munthu wina: nesi wa ku kiliniki uja, kenako bambo ndi mng'ono wake wa malemu. Ukazindikira kuti iwenso umafuna masewerawo apitirire, manyazi amakugwira.

Chikoti77: Manyazi a chani? Kyung-chul ndi chilombo, zonse zinamuyenera.

Nachisale: Nanga makolo ake ndi mwana wake? Soo-hyun anamangirira chingwe kuchitseko kuti iwowo akatsegula, mpeni umugwere Kyung-chul pakhosi. Mwanayo analakwa chiyani?

Mphatso_LL: Aaa chemwali, mwandiuza mathero!

Zakwathu_Mzuzu: Filimu ya maola awiri ndi mphindi makumi awiri mudzaionera kamodzi basi, mtima sudzalola kachiwiri. Gulani bundle ya usiku muipange rent pa intaneti, zonse sizifika K8,000. Kapena fufuzani Oldboy ya 2003, muli Choi Min-sik yemwe wasewera Kyung-chul uja, ija mutha kuionera mobwerezabwereza.

BwanaRegionB: Pa foni? Ndeu ya m'takisi ija kamera ikuzungulira, muionere pa foni? Musatinyoze.

Chikoti77: Bundle yake iti ya K8,000?

Mphatso_LL: Wogulitsa akuti K30,000 ndikatenga lero. Region sakuidziwa.