Thandizeni: TV ikungolemba "No Signal" ndikailumikiza ku kompyuta

Abale anga pa gulu pano, odziwa za makompyuta ndithandizeni chonde.

Sabata yatha monita yathu idapsa. Magetsi atangobwera usiku tidamva "thu", kenaka fungo la pulasitiki nyumba yonse. Bokosi la kompyutalo lili bwino, likuyaka, fani ikumveka. Ndi Dell OptiPlex 7010 yomwe ndidagula kwa munthu. Chikundisowetsa tulo n'chakuti mwana wanga wamkazi ali Fomu 4, mayeso a MSCE ayandikira, ndipo mapepala a mayeso akale ndi mavidiyo a Masamu onse ali m'menemo. Dzulo ndidamupeza pakhonde ali ndi foni yanga, akukulitsa chithunzi ndi zala ziwiri kuti aone manambala. Mtima udandiwawa.

Ya monita ina pakadali pano ndilibe. Koma pabalaza pali TV ya mainchesi 32. Kumbuyo kwake kuli ma HDMI awiri, USB, ndi timabowo titatu tija, kachikasu, koyera ndi kofiira. Bowo la VGA ilibe. Loweruka ndidapita ku Limbe, mnyamata wina wogulitsa zingwe adandipatsa chingwe chokhala ndi mutu wa VGA uku, wa HDMI uku, amvekere "bambo, mukangolowetsa basi zatheka". Ndalowetsa, ndamanga timasikuluwu, ndadina Source pa rimoti, HDMI 1, HDMI 2, palibe. Ikungolemba "No Signal". Kodi chavuta ndi chingwe, TV, kapena kompyutayo idavulala m'kati tsiku lomwe lija?

Membala wa ku Zomba: Pepani bambo, chavuta ndi chingwecho. VGA, mutu wabuluu wa mapini 15 uja, imatumiza chithunzi cha analog, pomwe HDMI imamva za digital zokha. Waya wamba sangamasulire, pamafunika kabokosi kotchedwa converter. Mukamagula muonetsetse kuti palembedwa VGA to HDMI. Tambiri timene tili pamsika ndi ta HDMI to VGA, ndipo timagwira mbali imodzi yokha. Koyenera kamakhala ndi kachingwe ka USB kopatsira moto ndi kena kolowetsa m'bowo lobiriwira la mahedifoni, chifukwa VGA sinyamula mawu.

Membala wina: Achimwene, musanatulutsenso ndalama tatembenuzani kaye bokosilo. 7010 imakhala ndi DisplayPort ziwiri pafupi ndi VGA. Zimaoneka ngati HDMI koma ngodya imodzi yokha ndiyo yodulidwa. Anthu ambiri saziona n'komwe. Gulani ka adaputa ka DisplayPort to HDMI ndi chingwe wamba cha HDMI, chithunzi ndi mawu zidutsa pamodzi, ndipo zilembo zimaoneka bwino kuposa za converter. Za timabowo titatu tija muiwale, zilembo sizioneka bwino.

Mwini funso: Zoonadi! Ndaunika ndi tochi, zilipo ziwiri, zodzaza fumbi. Zaka zitatu ndili nayo koma sindidazionepo. Mawa ndilawirira m'tauni.

Mayi wina: Mutenge chingwe chakalecho akakusinthireni, musachite manyazi. Ndipo kaya mutani, gulani surge protector, kachipangizo koteteza katundu kuti asapse magetsi akabwera mwamphamvu. TV ikapsanso ndiye mwataya zonse ziwiri.

Mwini funso: Ndabweranso abale. Zatheka, chithunzi chatuluka! Mwana adakuwa mpaka amake kuthamanga kuchoka kukhitchini. Koma pali tiwiri. Mzere wa pansi uja wa Start ukuoneka theka, m'mbali monse mwadulidwa. Mawunso sakutuluka pa TV.

Membala wa ku Zomba: Kudulidwako amati overscan, TV imakulitsa chithunzi pang'ono poganiza kuti ndi cha dikoda. Lowani mu Picture pa rimoti, mufufuze Aspect Ratio kapena Picture Size. Pa LG musankhe Just Scan, pa Samsung ndi Screen Fit, ena amangolemba PC mode. Ma TV ambiri a mainchesi 32 ndi a 1366x768, ndiye mu Display settings musankhe yomwe Windows yalemba Recommended, musaikakamize 1920x1080 ngati zilembo zikuoneka zosamveka. Sharpness mutsitsenso. Za mawu, dinani kachizindikiro ka sipika pafupi ndi wotchi, musankhe dzina la TV yanu.

Mwini funso: Mawu atuluka, Start ikuoneka yonse. Mulungu akudalitseni nonse. Pano ali pa mphasa ndi kope lake, akubwereza vidiyo ya ma quadratic equations. Funso lomaliza: TV yaikulu chonchi akhale patali bwanji kuti maso asamuwawe? Chingwe cha kiyibodi n'chachifupi, akumakhala pafupi kwambiri ndipo sizikundisangalatsa.