Amayi anapindika pakamwa kwa kanthawi, pano ali bwino. Tidikire Lolemba?

Membala wosatchula dzina:
Abale anga, ndithandizeni nzeru mwachangu. Ine ndili ku Joni, amayi ali kumudzi ku Ntcheu ndi mng'ono wanga. M'mawa uno akumwa tiyi, kapu inangowapulumuka, mkono wamanja n'kuti lobodo. Mng'ono wanga akuti pakamwa panapindikira mbali imodzi, dovu likutsika, mawu osamveka ngati a munthu woledzera. Patapita mphindi ngati 20 zonse zinabwerera m'malo mwake. Pano akusesa pabwalo, akuti tisawavute.

Ali ndi zaka 63, amadwala BP, koma mankhwala anasiya mwezi watha ati akupezako bwino. Amalume akuti izi n'zakumudzi, madzulo abwera ndi anthu a mapemphero. Lero ndi Loweruka. Tidikire Lolemba adzapite kukiliniki ya BP, kapena ndikungopupuluma ine?

Namwino wa ku Lilongwe:
Achemwali, musadikire Lolemba, ngakhale madzulo ano. Zimene mwafotokozazo ndi zizindikiro za sitiroko, matenda ofa ziwalo aja. Zikabwera n'kutha zokha chonchi timati TIA: kamtanda ka magazi kanatseka mtsempha wopita ku ubongo, kenako n'kusungunuka. Mtsemphawo watseguka, koma chimene chinapanga kamtandako chidakalipo, ndipo sitiroko yeniyeni imakonda kutsatira m'masiku awiri oyambirira. Kusesako kusakunamizeni.

Apite lero ku chipatala cha boma cha Ntcheu, ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi. Kumeneko kumagwira ntchito ndi Loweruka lomwe. Mng'ono wanu akanene nthawi yeniyeni imene zinayamba, osati "cha m'mawa" ayi, chifukwa madokotala amawerengera kuyambira pamenepo. Mankhwala osungunula magazi oundana, kumene aliko, amaperekedwa pasanathe maola 4 ndi theka. Ngakhale kumene kulibe, kufika msanga kumathandiza kuti ayeze BP, shuga ndi kagundidwe ka mtima. Shuga akatsika kwambiri amaonetsanso zofanana ndi zimenezi, ndipo kuyeza kwake n'kongobaya chala basi.

Panjira aziwauza amwetulire, akweze manja onse awiri, anene mayina a adzukulu awo. Mbali imodzi ikatsalira kapena lilime likalemera, zabwereranso. Zikatero awagoneke cham'mbali, asawapatse madzi, phala kapena piritsi lililonse. Sitiroko imasokoneza kumeza, chakudya chimatha kulowera kumapapo.

Bambo wa ku Kasungu:
Apatseni asipirini awiri pompano, amachepetsa kuundana kwa magazi. Bambo anga ankamwa omwewo.

Namwino wa ku Lilongwe:
Ayi bambo, pepani, pamenepo ndikutsutsani. Sitiroko ili mitundu iwiri. Yambiri ndi ya kutsekeka kwa mtsempha, koma ina mtsempha umachita kuphulika, makamaka mwa anthu a BP yokwera ngati mayiwa. Wotereyu mukamupatsa asipirini mukuwonjezera kukha kwa magazi m'mutu. Ndi maso simungasiyanitse, pamafunika CT scan, makina ojambula m'kati mwa mutu, n'chifukwa chake ena amatumizidwa ku Kamuzu Central kapena ku Queens. Bambo anu anachita kulemberedwa ndi dokotala atawayeza. Komanso asawamwetse mapiritsi a BP ambirimbiri kuti abweze a mwezi wathawo.

Mayi wa ku Zomba:
Za amalume anuzo musalimbane nawo pafoni, mungotaya nthawi. Auzeni mwaulemu kuti anthu a mapempherowo akawapeza amayi kuchipatala. Ife a mvano timapemphera m'mawodi sabata iliyonse, palibe amatiletsa. Mayi anga aang'ono anawasunga pakhomo akuwatikita ndi madzi otentha, mpaka lero mwendo amachita kukoka.

Mnyamata wa ku Ndirande:
Kabaza ayi, zikawagwira panjira agwa. Pezani galimoto, wina akhale nawo pambali.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo nonse. Ndalama ndatumiza pa Mukuru, aphunzitsi a pafupi ndi kwathu avomera kuwanyamula pa galimoto yawo. Amayi akunyinyirika kuti tikuononga ndalama za feteleza, koma avala nsalu. Anamwino, kupatula kabuku kawo ka kuchipatala atengenso chiyani?

Namwino wa ku Lilongwe:
Timapaketi ta mankhwala amene anasiyawo, ngakhale topanda kanthu, ndi mankhwala azitsamba ngati amamwa. Apite ndi mng'ono wanu yemweyo amene anaona zonse, osati amalume. Atengenso bulangete, mwina awagoneka.