Khadi la TV la mu kompyuta loonera matchanelo a HD a pa chingwe: ndigule liti?

Shifiti_Moatize

Moni nonse akuluakulu. Ndimagwira ntchito ya mashifiti ku migodi ya malasha ku Moatize koma ndimakhala ku Chingodzi. Kunyumba timalipira TV ya pa chingwe mwezi ndi mwezi, ndipo dikoda ndi imodzi yokha, ili pabalaza. Nthawi ya mpira imagundana ndi ya manovela a mayi a ana, ndipo mlandu umenewo wouwina amadziwika usanayambe. Masewero ena amandipeza ndili kuntchito, ndikamafika kunyumba zigoli ndazimva kale kwa anzanga m'basi.

Kuchipinda ndili ndi kompyuta ya Dell OptiPlex yogula kwa munthu, yaing'ono yophwatalala ija, Core i5 ya m'badwo wachitatu, RAM 8 GB, Windows 10, ndi monita ya mainchi 24 ya 1080p. Maganizo anga ndi oti ndigawe chingwe, china chilowe kuchipinda, ndiike khadi la TV mu kompyutayo kuti ndizionera HD komanso kujambula mpira ndikakhala kuti ndachoka.

Ndapeza zitatu. M'sitolo ina m'tauni muli ka USB kotchipa kolembedwa DVB-T, FM ndi DAB. Pa intaneti ndaona china cholembedwa m'Chipwitikizi, "receptor de TV digital Full HD", pansi pake ISDB-T. Chachitatu ndi khadi la Hauppauge limene mnzanga wa kuntchito anasiyiridwa ndi mzungu wina wobwerera kwawo, lolembedwa ATSC ndi ClearQAM, akuti andigulitsa motsika. Ndili ndi mametikali 7,000, sindikufuna kupitirira pamenepo. Liti mwa amenewa lingatulutse HD yeniyeni? Nanga kompyuta yangayi ikwanitsa?

Mmisiri_Ulongue

Achimwene, ndalamazo zikhale m'thumba kaye. Pa zitatuzo palibe n'chimodzi chomwe chimene chikuthandizeni.

Mawu oti HD pa bokosi musawalabadire. Khadi silipanga HD, limangotola siginolo n'kuipereka kwa kompyuta monga momwe yabwerera. Chofunika kuwerenga ndi zilembo zija zoyamba ndi DVB, chifukwa njira iliyonse ili ndi zake. Ya pa chingwe ndi DVB-C. Ya pa antena, yochokera ku milongoti ya TMT, kampani youlutsa TV ya dijito ku Mozambique, imene inalowa m'malo mwa analogi yomwe inazimitsidwa mu 2021, ndi DVB-T2. Ya pa dishi, monga DStv ndi ZAP, ndi DVB-S2.

Ka USB kotchipako ndi ka DVB-T yakale, kopanda 2 kumapeto. Pa chingwe sikagwira, ndipo ngakhale pa antena sikamva kanthu kuno chifukwa Mozambique ili pa T2, chimodzimodzi Malawi ndi South Africa. Anthu amakagula kuti azimverera mawailesi ndi pulogalamu za SDR, zosandutsa kompyuta kukhala wailesi, osati kuonera kanema. Cha ISDB-T chija ndi cha ku Brazil, ndipo chimapusitsa ambiri kuno chifukwa malonda ake amalembedwa m'Chipwitikizi, munthu n'kumaganiza kuti ndi zathu. Chija cha ATSC ndi cha ku America. ClearQAM ndi chingwe ndithu, koma cha mtundu wa kumeneko, cha matchanelo otambalala 6 MHz pamene DVB-C ya mbali zino imayenda pa 8 MHz. Muuzeni mnzanuyo mwaulemu kuti alisunge.

Koma tisanafike pa dzina la khadi, pali nkhani ina yaikulu kuposa zonsezi. Matchanelo olipira amabwera ali okiyidwa. Chimene chimawatsegula ndi dikoda ya kampani pamodzi ndi kakhadi kolowetsa m'mbali kaja, kapena chip yomatiridwa mkati ngati dikodayo ndi yopanda kakhadi. Khadi la mu kompyuta lidzakupezerani mndandanda wonse bwinobwino, mayina a matchanelo onse aoneka, koma mukadina pa la mpira sikirini ikhala bii. Kuli ngati kugula mtondo watsopano chimanga chili m'nkhokwe ya eni yokhoma. Ndipo kawirikawiri a HD a mpira ndi amene amayamba kukiyidwa, chifukwa ndi amene kampani imadyerapo.

Chitani ziwiri izi musanagule chilichonse. Yang'anani kumbuyo kwa dikoda. Ngati chingwe cholowa ndi chozungulira chomanga ndi nati, chokhala ndi kawaya ka kopa pakati, ndiye kuti pali chiyembekezo. Ngati ndi chonga cha intaneti chochokera ku kabokosi ka fayiba, imeneyo ndi IPTV, TV yodzera pa intaneti, ndipo khadi la TV lilibe ntchito m'pang'ono pomwe. Kenako bwerekani TV yamakono yokhala ndi DVB-C mkati mwake, zambiri zogulitsidwa zaka zino zili nayo. Zulani chingwe ku dikoda, chilowetseni mu TV-yo, sankhani Cabo, kutanthauza chingwe, pofufuza matchanelo. Amene aoneke popanda dikoda ndi okhawo amene khadi lidzakuonetseni. Zimenezi sizikudyerani ngakhale metikali imodzi.

Mayi_Matundo

Bambo, pepani ndilowerere ngakhale za makhadi sindizidziwa. Ngati cholinga ndi kuonera mpira kuchipinda, bwanji osangopempha dikoda yachiwiri kukampaniko n'kuilumikiza ku monita ndi HDMI? Kwathu tinatero pamene ana ankalimbana ndi bambo awo. Kompyuta siyakanso n'komwe, ndipo magetsi olipiriratu a Credelec amatha mochedwerako. Funsaninso ngati dikoda yawoyo imalola kujambula pa disiki ya USB, zina zimatero.

Komanso mayi a anawo musawanene, novela ukaiphonya tsiku limodzi wasokera sabata yonse.

Linux_Songo

A Mmisiri anena zoona, ine ndingowonjezera pa mbali ya zokiyidwayo chifukwa wina akuuzani kuti "gulani la CI" ndipo muwononga ndalama zambiri.

Alipo makhadi okhala ndi pobowoka potchedwa CI, polowetsa CAM, kachitsulo kamene kamanyamula kakhadi ka kampani. TBS6290SE ndi lotero la PCIe, losomeka mkati mwa kompyuta, TBS5580 ndi la USB. Amagwira ntchito pokhapokha kampani yanu ikakupatsani CAM yake, ndipo CAM-yo ikhale ya CI wamba. Makampani ambiri masiku ano akapereka CAM imakhala ya CI+, imene inapangidwira ma TV ovomerezedwa, makhadi a mu kompyuta saloledwa m'menemo. Kakhadi ka mu dikoda nako nthawi zambiri kamakhala kokwatitsidwa ndi dikoda yomweyo, mukakasamutsira kwina sikatsegula kanthu. Ndiye pitani ku ofesi yawo mukafunse funso limodzi lolunjika: mumapereka CAM, ndipo ndi ya CI kapena CI+? Wa pa kauntala akakuyang'anani modabwa, pemphani kulankhula ndi amisiri amene amakoka zingwe.

Wina adzakuuzani za capture card, yotenga chithunzi kuchokera pa HDMI ya dikoda. Pamenepo palinso loko wina, HDCP, ndipo capture card ya kampani yolongosoka ikaona HDCP imakana kujambula. Njira zozembera zimene anyamata amanong'onezana ine sindilowamo, mgwirizano wanu ndi kampani sulola.

Tsono mukapeza kuti matchanelo osakiya alipo okwanira, kapena mukufuna a pa antena monga TVM, STV ndi Miramar, khadi lili ndi phindu ndithu. Ine ndili ndi Hauppauge WinTV-dualHD pa kakompyuta kakale ka Ubuntu kokhala ndi pulogalamu yojambulira ya Tvheadend, ndipo timu ya UD Songo ikamasewera kutali masewero n'kuonetsedwa, ndimawapeza atajambulidwa. Ndi ka USB, kamamva DVB-C ndi DVB-T2, ndipo kali ndi matyuna awiri, kutanthauza kuti mutha kujambula kwina mukuonera kwina. WinTV-soloHD ndi mng'ono wake wa tyuna imodzi. Chenjerani pogula dualHD: ilipo ya ku Ulaya ndi ya ku America, dzina limodzimodzi, maonekedwe ofanana. Yanu ndi yolembedwa DVB-T2/C. Mukafuna la mkati, TBS6281SE ndi la PCIe x1 la matyuna awiri, koma OptiPlex yophwatalalayo imafuna kachitsulo kafupi komangira kumbuyo, low profile, muonetsetse kuti kali m'bokosi. Makhadi akale a PCI wamba, aatali mano aja, asiyeni, ambiri ndi a analogi ndipo madalaiva ake anathera pa Windows 7.

Kompyuta yanuyo siyoipa. Core i5 ya m'badwo wachitatu ndi ya 2012, ndipo gawo lake la zithunzi limamasula H.264, njira yofala yopanikizira kanema, palokha popanda kutopetsa purosesa, choncho 1080i ya H.264 iyenda bwino. Imene ilibe ndi njira yatsopano ya HEVC, imeneyo Intel anaiika mokwanira kuyambira m'badwo wachisanu ndi chimodzi mu 2015. Mukakumana ndi matchanelo a HEVC purosesa izidzisenzera yokha, fani n'kumalira. Mankhwala ake ndi khadi la zithunzi la GeForce GT 1030 ya low profile, imadya mawati 30 okha. Osati GT 710 kapena GT 730 zimene zadzaza m'masitolo, zimenezo HEVC siziidziwa.

Pulogalamu: Windows Media Center inachotsedwa pamene Windows 10 inatuluka, musaifunefune. NextPVR ndi yaulere ndipo imajambula pa nthawi yoikika, DVBViewer ndi yogula koma pofufuza matchanelo a pa chingwe ndi yosavuta. Ikakufunsani manambala, symbol rate yofala ndi 6900 kapena 6875, QAM 64 kapena 256, koma enieni a kampani yanu muwapeza mu menyu ya dikoda pamene pamaonetsa mphamvu ya siginolo. Mu pulogalamuyo yatsani deinterlace, apo ayi osewera akamathamanga azioneka ndi mizere m'mbali ngati mano a chipeso.

Malo pa disiki muwerengere nokha: tchanelo yoyenda pa 8 Mbit pa sekondi imadya 1 MB pa sekondi, pa ola ndi 3.6 GB, masewero amodzi ndi zokamba za pa hafu taimu afika pafupifupi 7 GB.

Chomaliza ndi kutentha. Inu a mu mzinda wa Tete mukudziwa mmene Okutobala ndi Novembala amakhalira, madigiri 40 n'kupitirira. Timatyuna ta USB timatentha tokha kale, ndiye mukakasomeka kumbuyo kwa kompyuta pamene fani imatulutsira mpweya, m'chipinda chotseka cha malata inu muli ku shifiti, kazidula pakati pa masewero. Kaikeni pa chingwe chotalikitsira USB kakhale pamphepo.

Wa_pa_Zobue

Kuwonjezera pang'ono za kogula. Makhadi amenewa m'masitolo a ku Tete simuwaona kawirikawiri, ku Blantyre nakonso ndinayendayenda osawapeza. Oitanitsa ku Johannesburg kudzera mwa madalaivala a mathiraki ndi amene amapeza msanga, ndipo za kumeneko ndi za DVB ngati zathu. Mumutumizire dalaivalayo chithunzi cha bokosi, osati dzina lokha. Pa 7,000 yanuyo musiyeko ina ya msonkho ndi ya wonyamula.

Shifiti_Moatize

Zikomo kwambiri nonse. A Mmisiri, ndachita monga munanenera. Chingwe ndi chozungulira cha nati, ndipo dikoda ili ndi kakhadi m'mbali. TV ndinabwereka kwa aneba, yafufuza n'kupeza mndandanda wautali, koma otseguka ndi ochepa, ambiri mwa iwo a konkuno. A mpira wa kunja onse ali ndi kachizindikiro ka loko. Ndiye nkhani ya khadi pa mpira umenewo yafera pomwepo, pokhapokha Lolemba a kukampani akandiuze zabwino za CAM.

Amayi a ku Matundo, nzeru yanu ndi imene ndikuitsata, ndikafunsa mtengo wa dikoda yachiwiri ndi zojambula pa USB. Ka dualHD ndikufunabe, koma pambuyo, ka mpira wa ligi ya konkuno ya Moçambola ndi nkhani za madzulo. Pali chimodzi chandiimitsa: monita yanga ilibe HDMI. Ili ndi VGA, DVI ndi DisplayPort basi, ndipo ilibe masipika. Ndigule chingwe cha HDMI chopita ku DisplayPort?

Mmisiri_Ulongue

Ayi achimwene, chimenecho musagule. Zingwe wamba za DisplayPort ndi HDMI zimayenda mbali imodzi, kuchoka ku DisplayPort ya kompyuta kupita ku HDMI ya sikirini. Inu mukufuna mobwerera, ndipo pamafunika kabokosi kosinthira ka magetsi ake, kodula. Gulani chingwe cha HDMI mbali ina, DVI mbali ina. Chithunzi cha ziwirizi ndi chimodzi, palibe chotayika. Muyambe mwaona m'buku la monitayo, kapena pa intaneti ndi nambala yake, ngati DVI yake ili ndi HDCP, chifukwa ikapanda dikoda ikana kuonetsa. Mu menyu ya dikoda muike 1080p kapena 720p, mamonita ambiri a kompyuta 1080i saikonda. Kompyuta muisiye pa DisplayPort, muzisintha ndi batani la monita.

DVI sinyamula mawu. Muwatenge kumbuyo kwa dikoda pa mabowo ofiira ndi oyera, kapena pa kabowo ka AV, apite ku timasipika ta kompyuta.

Pogawa chingwe musapotokole mawaya ndi tepi ngati a magetsi. Pamafunika splitter, kachitsulo kogawira chingwe njira ziwiri, chingwe cha RG6 ndi mitu ya F yomanga bwino. Splitter yotere imadya pafupifupi 3.5 dB mbali iliyonse, ndiye ngati siginolo pabalaza ili kale yofooka, zithunzi ziyamba kuduka timabokosi m'zipinda zonse ziwiri. Popeza dikoda yachiwiriyo ndi yawo, alekeni amisiri a kampani akoke okha ndi kuyeza ndi mita yawo, ndipo muwapemphe asiye mutu wina wa F kuchipindako woti mudzasomekepo ka dualHD mukadzagula.